Funsani Mmisiri: kompyuta ikadwala, nenani zimene mwaona

Mwezi uno mafunso afika ambiri kuposa masiku onse. Loweruka madzulo ndinawayala pa benchi yanga kuno ku Limbe, pakati pa masikuluu ndi malaputopu otsegula mimba, ndipo nditawawerenga onse ndinapeza kuti ochuluka sindingawayankhe. Sikuti mavuto ake ndi ondikulira ayi. Kungoti olembawo sanandiuze chimene chavuta. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze za munthu wofunsa theka, amene nayenso phulalo amalidya ndithu. Choncho ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ena olembedwa bwino, ena ongoponyedwa. Maina ndawachotsa monga mwa nthawi zonse.

*

"Moni a Mmisiri. Laputopu yanga yafa. Thandizeni chonde, ndi zachangu kwambiri."
Bambo wa ku Mponela

Pepani bambo, ndikudziwa mmene mtima umawawira. Koma mawu akuti "yafa" ndimawamva kangapo pa tsiku, ndipo aliyense amatanthauza zakezake. Wina akadina batani sipachitika kanthu, ngakhale kanyali kakang'ono sikayaka. Wina kanyali kamayaka, fani ikumveka kupuma, koma sikirini ili bii. Wina imamuonetsa dzina la kampani imene inaipanga, kenako n'kuima pa mawu oyera a Chingerezi. Wina imalowa mu Windows bwinobwino, agwira ntchito mphindi khumi, basi yazima yokha. Onsewa amabwera n'kuti yafa, chonsecho matenda ake ndi osiyana ngati malungo ndi dzino.

Yosayaka n'komweyo kawirikawiri imakhala tchaja, kapena polowetsera tchaja pathyoka, nthawi zina soketi ya pakhoma chabe. Ndinalandirapo bambo wina amene ananyamula kompyuta ya pa tebulo pa kabaza kuchokera ku Bangwe, kufika nayo kuno n'kuyaka nthawi yomweyo. Chimene chinafa chinali adaputala ya kunyumba kwake. Ya sikirini yakudayo mukhoza kuiyeza nokha: lowani nayo m'chipinda cha mdima, muyatse tochi ya foni n'kuunika sikirini chapafupi. Mukaona zithunzi zozimiririka mkatimo, ndiye kuti kompyuta ili moyo, chafa ndi nyali ya kuseri kwa sikirini. Kapena ilumikizeni ku TV ndi chingwe cha HDMI. Ikaonetsa pa TV, mtima m'malo. Yoima pa mawu oyerayo imaloza ku hadi disiki, mosungira Windows ndi mafayilo anu. Yozima yokhayo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, imakhala kuti yatentha: fumbi latseka mopumira mpweya, kapena mumaigoneka pa bulangete mukamaonera mafilimu pabedi.

Chiganizo chimodzi chokha chonena zimene maso anu aona chikanandilozera njira. Kuchipatala mukangoti "ndikudwala", adokotala amakugwirani pamphumi, n'kukuyang'anani m'maso, n'kukutumizani kokayezetsa magazi. Ine laputopu yanu sindingaigwire pamphumi. Ili ku Mponela, ine ku Limbe, pakati pathu pali makilomita oposa 300.

Ndiye chitani izi. Itembenuzeni, mujambule ndi foni kapepala kamene kanamatidwa pansi pake. Kungonena kuti "ndi HP" kapena "ndi Dell" n'chimodzimodzi kupita kwa ogulitsa masipeya ku Ndirande n'kukati "ndikufuna mabuleki a Toyota". Akufunsani pomwepo: Corolla, Hiace kapena Sienta? Ya chaka chanji? EliteBook 840 G3 ndi ProBook 450 G2 zonse ndi za HP, koma batire, sikirini, ngakhale mtundu wa RAM (kachipangizo kosunga kwa kanthawi zimene kompyuta ikugwira) n'zosiyana. Mujambulenso tchaja mbali imene ili ndi timalemba. Matchaja ambiri a HP ndi Dell amalembedwa 19.5V, a Lenovo 20V, ndipo pamakhalanso nambala yothera ndi W, monga 45W, 65W kapena 90W. Ndikaona kuti laputopu yofuna 90W mukuidyetsa ndi tchaja ya 45W yobwereka kwa aneba, mlandu ndautha ndisanamasule sikuluu ndi imodzi yomwe.

Za "zachangu kwambiri" zija, mawu amenewo sanafulumizitse kanthu. Uthenga wanu wagona pa benchi masabata atatu chifukwa panalibe pogwira. Mukanalemba kuti "ndili ndi lipoti lofunika Lachisanu, lili momwemo", ndikanakuuzani kuti pa malaputopu ambiri disiki imachotseka n'kukawerengedwa pa kompyuta ina, lipoti n'kutuluka laputopu isanakonzedwe n'komwe. Nthawi zambiri chimene chikumuvutitsa munthu si makinawo, koma zimene zatsekeredwa mkatimo. Ngati ndi choncho kwa inu, nenani.

*

"A Mmisiri, ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ku Johannesburg. Anaphunzira za makompyuta. Laputopu ya kusukulu kwathu ikavuta ndimamutumizira mauthenga a mawu pa WhatsApp, koma masiku ano amangoona osayankha. Sabata yatha ndinamuuza kuti ikumalemba zinazake za Chingerezi pa sikirini ya buluu, kenako n'kuyambiranso yokha. Mpaka lero zii. Kodi ndi mwano wa ana a masiku ano, kapena ndikulakwitsa ndine?"
Mphunzitsi wa ku Dedza

Aphunzitsi, za mwano sindingaweruze, mwanayo sindimudziwa. Koma mundilole ndimuimire pang'ono, pakuti nanenso ndili ndi amalume, ndipo mauthenga otere amandipeza.

"Zinazake za Chingerezi" zimene mwazilumphazo ndiye mutu wa nkhani. Kompyuta ikamagwa siigwa mwakachetechete, imatchula dzina la chimene chaigwetsa. M'munsi mwa sikirini ya buluuyo mumakhala mawu a zilembo zikuluzikulu olumikizidwa ndi timizere. Akakhala MEMORY_MANAGEMENT, timayamba kukayikira RAM. Akakhala INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, ndiye kuti Windows yalephera kufikira disiki imene imadzukirapo. Akakhala DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, kawirikawiri pamatsagananso dzina la fayilo yothera ndi .sys, ndipo dzinalo limaulula kachipangizo kamene pulogalamu yake yasokonekera, kaya ka Wi-Fi, kaya ka zithunzi. Mu 2016 a Microsoft anaikaponso kabokosi ka QR, ndipo mu 2025 sikiriniyi anaisandutsa yakuda pa Windows 11, koma mawu aja akadalipo. Makina a HP ali ndi manambala awoawo amene amatuluka Windows isanadzuke: 3F0 ndi yakuti disiki siikuoneka, 90B ndi fani, 601 ndi batire lotopa. Zilembo zitatu zokha, koma mphwanuyo ataziona akhoza kukuyankhani ali pa mzere wodikira takisi.

Sikofunika kuti mumve tanthauzo lake. Jambulani basi. Pukutani diso la kamera ndi nsalu, muzimitse nyali yake kuti isachite chinyezimiro, mutenge sikirini yonse osati kona imodzi. Ngati mawuwo amathawa msanga, jambulani vidiyo kuyambira pamene mukudina batani loyatsira.

Tsopano za mauthenga a mawuwo. Ndikudziwa kuti kuyankhula n'kopepuka kuposa kulemba, makamaka zala zikatopa ndi choko. Koma taganizani mwanayo ali pa ntchito, bwana ali pambali. Uthenga wa mphindi zinayi sangaumvere pamenepo. Amati ndiumvera madzulo, madzulo n'kuiwala. Akaumveranso, mphindi ziwiri zoyamba ndi za mvula ndi za mwendo wa agogo, dzina la laputopu mwalitchula mothamanga lole ikudutsa pa msewu, ndipo sangalikopere kuti akalifufuze. Zolemba amangozipenya ndi diso limodzi, n'kudziwa.

Pali chizolowezi china chimene tonsefe tili nacho: kutumiza "Moni", n'kudikira. Akayankha, "uli bwanji kumeneko?", n'kudikiranso. Kenako "ndili ndi kavuto pang'ono". Pofika pa vutolo dzuwa lalowa, bandulo yatha. Sindikuti musiye moni, ayi. Munthu wongofikira pa vuto osapereka moni ngakhale ine ndimamuyankha ndi mtima wina. Koma moniyo ndi vutolo zikwere minibasi imodzi. Mwachitsanzo:

"Moni mphwanga, kuno tonse tili bwino. Laputopu ya kusukulu ija, chithunzi cha pansi pake ndi icho, yayamba kugwa pa sikirini ya buluu kuyambira Lachiwiri. Zimachitika ikagwira ntchito mphindi ngati 20, makamaka ndikabaya modemu. Chithunzi cha mawuwo ndatumizanso. Lolemba mnzathu wina anaikamo pulogalamu ya modemuyo. Ndayesa kuizimitsa n'kuiyatsanso, sizinasinthe. Magiredi a ana akufunika pa 15 ndipo ali momwemo. Ukapeza mpata undithandize."

Uthenga wotere ngakhale mwana wamwano amauyankha, chifukwa poyambira pakuonekeratu: chotsani kaye pulogalamu ya Lolembayo. Ndipo zikatheka, muuzeni kuti zatheka. Anthu ambiri amene timawathandiza patali amangosowa, ife osadziwa ngati malangizo athu anachiza kapena anapha. Amadzatulukiranso vuto lina likabwera, ndi "Moni" uja.

*

"Fulashi yanga yalowa vairasi ndipo mafayilo onse a pulojekiti yanga afufutika. Mnzanga akuti ndiifomate. Ndi antivairasi iti yabwino yaulere?"
Wophunzira wa ku Zomba

Usaifomate, mng'ono wanga, pakuti kufomata kumafufuta zonse zimene zili m'fulashimo. Ndayamba ndi zimenezo kuopa kuti ungawerenge mzere umodzi wokha n'kuthamangira kwa mnzakoyo.

M'funso lako wanena zinthu zitatu ngati zotsimikizika: kuti ndi vairasi, kuti mafayilo afufutika, ndiponso kuti mankhwala ake ndi antivairasi. Pa zitatuzi, waona ndi maso ako n'chiti? Chimene waona n'chakuti watsegula fulashi ndipo mafayilo sakuoneka. Zinazo waganiza. Iyi ndi nthenda ya anthu a sukulu. Agogo akumudzi amandiuza zimene aona. Wophunzira amandiuza dzina la matenda pamodzi ndi mankhwala amene ndimulembere, ndipo ndimayamba ndaphwasula kaye maganizo akewo ndisanafike pa makina.

Ndikanakonda ukanandiuza izi. Kompyuta ikuti fulashiyo ili ndi malo ochuluka bwanji, ndipo odzaza ndi angati? Ngati ndi ya 16GB ndipo ikusonyeza kuti 5GB ndi yodzaza, mafayilo ako alipo, angobisidwa. Kodi m'malo mwa mafoda ako mukuoneka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona? Nanga unaibaya komaliza pa kompyuta iti? Apa ndikhoza kulosera: ya posindikizira mapepala, imene imalandira mafulashi a tauni yonse. Ngati zili choncho, walondola theka. Ndi kachilombo kakalekale kodziwika bwino, kamene sikafufuta kanthu. Kamabisa mafoda n'kuika timivi m'malo mwake, kuti ukadina kafalikire. Timivito usatidine. Tsegula Command Prompt, kabokosi kakuda ka mu Windows kolembamo malamulo, ulembe chilembo cha fulashiyo, tinene E: n'kudina Enter, kenako ulembe attrib -h -r -s /s /d *.* n'kudinanso Enter. Mafoda abwerera. Uwakopere pa kompyuta yoyera, uwapimitse ndi Microsoft Defender imene imabwera kale ndi Windows 10 ndi 11, ndipo ukatero ndiye uifomate.

Koma zikanakhala kuti fulashi ikuonetsa yopanda kanthu, kapena kompyuta ikukuumiriza yokha kuti uifomate, nkhani ikanakhala ina ndithu, ndipo antivairasi ikanangokutayitsa bandulo.

Mawu akuti vairasi kuno kwathu asanduka ngati ufiti: chilichonse chosamveka chimakankhidwira komweko. Mayi wina anabwera ndi laputopu yolemba yokha chilembo chimodzi mosalekeza, atalipira kale kwina kuti amuchotsere vairasi. Pansi pa batanilo panali kanjere ka mpunga. Pulinta ina ya "vairasi" ndinaitsegula n'kupezamo mudzi wa mphemvu, ndi ana omwe. Pamenepa tisadzione otsalira. Mu 1947 akatswiri a ku Harvard ku America anafufuza chimene chinasokoneza makina awo aakulu otchedwa Mark II, n'kupeza kagulugufe ka usiku katapanikizika mkati. Anakamata m'buku lawo la ntchito, ndipo tsambalo likusungidwabe mpaka lero.

*

"Zikomo a Mmisiri. Pa ofesi ya kopaletivu yathu tili ndi kompyuta ya pa tebulo, Dell OptiPlex 3020, ya Windows 10. Magetsi akazima n'kubweranso, imaima pa sikirini yakuda n'kupempha kuti tidine F1. Tikalowa, deti limakhala litabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo Chrome imakana kutsegula masamba, imalemba kuti NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Tikakonza deti zonse zimayenda, mpaka magetsi atazimanso. Zayamba miyezi iwiri yapitayo. Sitinaikemo pulogalamu yatsopano. Titani kuti zisamabwerere?"
Mayi wa ku Mulanje

Mayi, gulani kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka 3V. Okonza mawotchi amakhala nako. Zulani chingwe cha magetsi, mutsegule chivindikiro, mukaona kakaleko kakunyezimira pa bolodi yaikulu. Kachotseni, muike katsopano momwe kakaleko kanakhalira, mukonze deti komaliza. Kabatire kameneka ndi kamene kamayendetsa wotchi ya mkati magetsi akachoka. Kakatha, wotchi imabwerera pamene inayambira, ndipo Chrome imaona ziphaso za masamba a intaneti ngati nthawi yake sinakwane, n'kukana kutsegula.

Owerenga enanu, bwererani mukawerengenso kalata iyi. Mayiwa sanatchule dzina la matenda, mwina sakudziwa n'komwe kuti m'bokosimo muli batire. Angoyang'anitsitsa n'kulemba, ndipo vuto la miyezi iwiri latha m'ndime imodzi.

Popeza mwatchula Windows 10, ndikupatseni basera. A Microsoft anasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, monga anachitira ndi Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Kompyuta yanu siizima chifukwa cha zimenezi, koma ming'alu yatsopano ya chitetezo siizimatidwanso ngati kale. Makina anuwo ali ndi pulosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wachinayi, pamene Windows 11 imafuna wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo, ndiye komiti iyambe kuikako tindalama pambali. Amene simudziwa kuti Windows yanu ndi iti: dinani batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi R, mulembe winver, mudine Enter, mujambule chimene chatulukacho.

*

"Mabatani ena a laputopu yanga asiya kugwira, ndipo ikumazima yokha. Palibe chimene ndinachita, inangoyamba yokha Lamlungu m'mawa. Ndaifomata kawiri, ndasintha tchaja, ndaikamo mapulogalamu atatu oyeretsera, mnzanga anatsegulanso pansi n'kuchotsa RAM n'kubwezera. Zikungoipiraipira."
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Achimwene, ndikufunseni ngati mnzanu: Loweruka usiku chinachitika n'chiyani?

Ntchitoyi ndinaiyamba masiku amene tinkalipiritsa anthu pa mphindi mu kafe ya intaneti, ndipo "inangoyamba yokha" ndi mawu amene ndawamva kuposa ena alionse. Nthawi zina amakhala oona, zipangizo zimakalamba. Koma mabatani angapo kufa tsiku limodzi, makina n'kumazimanso, zimenezo zikununkha chamadzimadzi. Ndikatsegula makina otere ndimapezamo tiyi wouma, thobwa, phala la mwana, tsiku lina mpaka msuzi wa usipa. Mwini wake ali chiimire patsogolo panga, akulumbira kuti palibe chinachitika, shuga ali nyezinyezi pa bolodi, nyerere zikutuluka pobayira fulashi.

Manyaziwo ndimawamvetsa. Laputopu ndi ya ku ntchito, kapena ya akazi anu, kapena munaletsa ana kuigwira kenako mwaithira tiyi ndinu. Koma ine si wapolisi, ndipo kubisako kukudya m'thumba mwanu momwe. Madzi otsekemera amadya timizere ta mkuwa pa bolodi pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse imene mukuiyatsa kuti "tione ngati yachira" mukusonkhezera moto. Ikathiridwa, izimitseni pompo, muzule tchaja, muchotse batire ngati ndi lochotseka, mupite nayo ikatsukidwe mkati tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Zoikwirira mu mpunga zija zisiyeni. Mpunga sutsuka shuga.

"Chasintha n'chiyani?" ndi funso limene amisiri kulikonse amayambira. Pa 19 Julaye 2024 makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi a Microsoft, anagwa pa sikirini ya buluu tsiku limodzi. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala m'maiko ambiri zinasokonezeka. Gwero lake linali kafayilo kamodzi kolakwika kamene kampani ya zachitetezo ya CrowdStrike inatumiza ku makinawo, ndipo linadziwika m'maola ochepa chifukwa onse ogwawo anali atalandira chinthu chimodzi chatsopano. Pa makina anu chosinthacho chikhoza kukhala chaching'ono kwambiri: chikwama chinagwa potsika minibasi, munaitchaja pa jenereta ya kumaliro, mphenzi inagunda ili pa soketi, mwana anaikamo gemu.

Mwachita bwino kundiuza zimene mwayesa, apa ndikuyamikeni. Ambiri amabisanso zimenezi, ine n'kumawatuma zimene achita kale. Cholakwika n'chakuti mwayesa zonse pakamodzi. Munthu akamwa mankhwala a kuchipatala, a kugolosale ndi a kwa asing'anga tsiku limodzi, akachira sadziwa chamuchiza, akafooka sadziwa chamupweteka. Sinthani chinthu chimodzi, muone, mulembe pa kapepala, kenako china. Pofuna kudziwa ngati vuto ndi la Windows kapena la chipangizo, bwerekani kiyibodi ya USB muibaye. Ikalemba bwino zilembo zonse, ndiye kuti yadwala ndi kiyibodi ya laputopuyo, Windows mwaipha kawiri yosalakwa.

*

"Nditadandaula kwa anthu kuti laputopu yanga ikuchedwa, munthu wina amene sindimudziwa anandiimbira kuti ndi katswiri. Akuti ndiikemo AnyDesk ndimutumizire nambala yake, komanso ndimuwerengere manambala amene abwere pa foni yanga kuti alumikize. Ndiyambe chiti?"
Mayi wa ku Mzuzu

Musayambe chilichonse, mayi. Akaimbanso mudule.

AnyDesk ndi TeamViewer ndi mapulogalamu enieni oyendetsera kompyuta ya munthu uli patali, nanenso ndimathandizira nawo makasitomala amene ndimawadziwa nkhope. Koma mukapatsa munthu nambala imeneyo n'kuvomera, amaona sikirini yanu ndi kuyendetsa mausi ngati wakhala pa mpando wanu. Ndipo manambala obwera pa foni sakhudzana n'komwe ndi kuchedwa kwa laputopu. Asanu ndi imodzi a WhatsApp aja mukawapereka, akaunti yapita, ndipo m'mawa mwake abale anu onse alandira uthenga wopempha ndalama m'dzina lanu. Za manambala a ku banki ndi PIN ya Mpamba kapena Airtel Money sindichita kunena.

Ndakhala ndikuti nenani zonse, ndiye apa ndiike malire. Wokuthandizani patali amafuna dzina la makina, mawu a pa sikirini, ndi mbiri ya zimene zachitika. Pasiwedi ya imelo yanu saifuna, chithunzi cha chiphaso chaunzika sachifuna, ndipo manambala 48 a BitLocker amene amatsegula disiki yokhoma si otumizira mlendo. Musanatumizenso chithunzi cha sikirini, chiyang'aneni kaye. Kuseri kwa kabokosi ka uthengako kukhoza kumaoneka mndandanda wa malipiro a antchito anzanu, kapena maina a odwala.

Za kuchedwako: dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patseguka Task Manager. Pitani pa Performance, mujambule nthawi imene ikuchedwayo, osati itapuma. Ndikufuna ndione CPU, Memory ndi Disk. Ngati Memory, imene ndi RAM ija, ndi 4GB ndipo yadzaza, kapena Disk yakakamira pa 100% n'kulembedwanso kuti HDD (disiki yachikale yochedwa), makinawo akufuna RAM yowonjezera kapena SSD (disiki yamakono yothamanga), basi. Mundiuzenso kuti kuchedwa kwakeko n'kotani. Zimatenga mphindi zingati kuchokera podina batani kufika potsegula Word? Imachedwa pa zonse kapena pa intaneti pokha? Ngati ndi pa intaneti pokha, mwina laputopu ilibe mlandu, ndi netiweki ya kwanuko madzulo anthu onse akaweruka.

*

Bambo a ku Mponela, malo ndakusungirani mwezi wamawa. Zithunzi ziwiri, cha pansi pa laputopu ndi cha tchaja, ndipo mundiuze ngati kanyali kamayaka. Achimwene a ku Area 25, za Loweruka usiku zija mukhoza kundiuza kumbali, sindizisindikiza.